Kapolo, Nduna ndi Mfumu: Zimene Asitoiki Ankaphunzitsa pa Nkhawa ndi Mkwiyo

Mwa aphunzitsi onse a gulu la Asitoiki, afilosofi (ofufuza nzeru) akale a ku Greece ndi ku Rome, atatu ndi amene akuwerengedwa kwambiri masiku ano, ndipo moyo wa atatuwo sunkafanana mpang'ono pomwe. Epictetus anabadwa cha m'ma 50 AD ku Hierapolis, dera lomwe lero lili m'dziko la Turkey. Anakula ali kapolo ku Rome ndipo ankayenda motsimphina. Seneca anali m'gulu la anthu olemera kwambiri mu ufumu wonse wa Aroma, mphunzitsi komanso mlangizi wa mfumu Nero, Nero yemweyo amene mu 65 AD anamulamula kuti adziphe. Marcus Aurelius ndiye anali mfumu imene, kuyambira 161 mpaka 180. Wina analibe ulamuliro ngakhale pa thupi lake, wina ankalamula magulu a asilikali kuchokera ku Britain mpaka ku Syria, koma onse ankasinkhasinkha funso limodzi: munthu angakhale bwanji ndi mtima wokhazikika, n'kumachitabe zoyenera, pamene zambiri zomugwera sanazisankhe yekha?

Lero mawu awo ali mbwee pa Facebook ndi pa YouTube, kawirikawiri pansi pa chithunzi cha chosema cha bambo wandevu, ndipo uthenga wonse anaufupikitsa kukhala wakuti zimene simungazisinthe, zisiyeni. Mawuwo si abodza, koma ndi theka chabe la nkhani, theka lophwekalo. Munthu akalitenga lokha amasanduka wouma mtima, apo ayi waulesi wodziwa kudzikhululukira.

Gululi linayamba cha m'ma 300 BC ndi Zeno wa ku Citium, pa chilumba cha Cyprus. Nkhani yakale imati anali wamalonda amene chombo chake chinasweka panyanja, n'kufika ku Athens ali chimanjamanja, ndipo kumeneko anamva za Socrates, mfilosofi wotchuka wa mumzindawo, pamalo ena ogulitsira mabuku. Pambuyo pake ankaphunzitsira pa khonde lojambulidwa zithunzi m'mbali mwa bwalo lalikulu la mzindawo, pomwe aliyense wodutsa ankatha kuima n'kumvera. Mtsogoleri wawo wachitatu, Chrysippus, akuti analemba mabuku oposa 700, koma palibe ngakhale limodzi lomwe latifika lathunthu. Owerenga Baibulo anakumana nawo kale anthuwa. Pa Machitidwe 17, Asitoiki ndi Aepikureya ndi amene anatsutsana ndi Paulo ku Athens, ndipo Gallio wa m'chaputala 18, bwanamkubwa uja anakana kuzenga mlandu wa Paulo ku Corinth, anali mkulu wake wa Seneca. Buku la Seneca lonena za mkwiyo analilembera iyeyo.

Kwa anthu amenewa filosofi sinali phunziro lolembera mayeso. Katswiri wina wa ku France, Pierre Hadot, amene anamwalira mu 2010, anathera zaka zambiri akusonyeza kuti masukulu akale a nzeru anali malo ophunzirirako kakhalidwe, okhala ndi zochita za tsiku ndi tsiku zoti munthu azibwereza mpaka zimulowerere. Epictetus ankauza ophunzira ake kuti chipinda chophunziriracho ndi chipatala, choncho asayembekeze kutulukamo akusekerera koma akumva ululu, poti analowamo akudwala. Ankawauzanso kuti nkhosa sizibweretsa udzu kwa m'busa kudzamuonetsa kuchuluka kwa zimene zadya. Zimagaya m'mimba, n'kutulutsa ubweya ndi mkaka. Iye mwini sanalembe kalikonse. Zimene tili nazo analemba ndi wophunzira wake Arrian ku Nicopolis, kumadzulo kwa Greece, kumene Epictetus anakatsegula sukulu mfumu Domitian itapirikitsa afilosofi ku Rome. Zimene zatsala ndi mabuku anayi a zokambirana za m'kalasi, ndi kabuku kamodzi kachidule.

Anthu ofuna nzeru mwachidule sanayambe lero. Epictetus anali ndi nyale yachitsulo, mbala inaiba, iye n'kungoti mawa agula yadothi. Mlembi wina wanthabwala, Lucian, amasimba kuti Epictetus atamwalira munthu wina anagula nyale yadothiyo ndi ndalama zambiri, madalakima 3,000, poganiza kuti akamawerengera pa kuwala kwake nzeruzo zimulowa kutulo.

Zili m'manja mwathu ndi ziti?

Kabuku kachidule kaja kamayamba ndi kugawa zinthu pawiri: zina zili m'manja mwathu, zina ayi. M'manja mwathu muli mmene tikuonera chinthu, zimene tikulakalaka, zimene tikuzipewa, ndi zimene tatsimikiza kuchita. Kunja kuli thupi, chuma, mbiri yathu pakamwa pa anthu, ndi udindo. Ambiri amadabwa kuona thupi litaikidwa kunja. Koma muyeso wa Epictetus ndi wokhwima: chinthu ndi chako pokhapokha ngati palibe munthu kapena ngozi imene ingakulande kapena kukutsekereza. Mwendo angaumange unyolo, matenda angaupuwalitse. Munthu amene anakhalapo katundu wa munthu mnzake ankadziwa bwino zimene akunena. Chimene sangachimange ndi kuvomereza kwa mumtima: palibe angakukakamize kukhulupirira kuti usiku ndi usana, kapena kuti kupereka mnzako n'koyenera.

Apa owerenga atcheru amafunsa funso labwino. Zinthu zambiri m'moyo si zakuti zili m'manja mwathu kotheratu kapena kunja kotheratu. Thanzi, ntchito, banja, kukhoza mayeso, zonsezi timaikapo dzanja ngakhale mapeto ake si athu. Asitoiki ankadziwa zimenezi, ndipo yankho lawo analisunga ndi Cicero, mlembi wa ku Rome, m'fanizo la woponya muvi. Woponyayo amasankha uta, amakunga chingwe, amalunjika bwino, amaponya pa nthawi yake. Muvi ukachoka m'manja, mphepo ingaupatutse, chandamale chingasunthe. Iye amafunadi kulasa, apo ayi sakanavutika n'kulunjika, koma chimene angadziyeze nacho ndi kaponyedwe kake.

Tengani munthu woitanidwa ku intavyu ya ntchito. Akadziuza kuti cholinga chake ndi kupeza ntchitoyo, waika mtendere wake m'manja mwa anthu atatu okhala kuseri kwa tebulo, amene mwina anasankhiratu wina, mwina ndalama zolembera munthu zatha, mwina mmodzi wa iwo sanagone bwino. Usiku wonse agona chotembenuka, ndipo m'chipindamo maso ake akhala pankhope za ofunsawo kusaka chizindikiro m'malo momvetsera funso. Akadziuza kuti cholinga chake ndi kuwerenga za kampaniyo, kukonzekera mayankho, kufika nthawi yabwino ndi kuyankha moona, zonse zimene akufuna zili poti angazifikire. Chosangalatsa n'chakuti wachiwiriyu ndi amenenso amayankha bwino, popeza maganizo ake sagawika. Zikakanika amakhumudwa ndithu, koma funso lomwe amatsala nalo ndi lothandiza: ndinakonzekera mokwanira kodi? Ngati ayi, pali chokonza. Ngati inde, palibe mlandu woti adzizenge.

Onani kuti pa zonsezi palibe pomwe akuti musachite kanthu. Kugawa zinthu pawiriku n'kofuna kuti mphamvu zonse zipite pamene zingagwire ntchito.

Chochitika ndi chigamulo chake

Mfundo yachiwiri ndi yozama kuposa yoyamba, ndipo ndi imene yayendadi mtunda wautali. Epictetus ankati chimene chimasautsa anthu si zinthu zochitikazo koma zimene iwo agamula zokhudza zinthuzo. Poyamba zimamveka ngati kunyoza ovutika, choncho ndi bwino kuziona pa kanthu kakang'ono.

Mwatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mnzanu kumupempha thandizo. Timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu. Ola ladutsa, lachiwiri ladutsa, zii. Mukuona kuti ali pa intaneti, mwinanso wasintha chithunzi chake. Mtima wayamba kuwira. Tsopano patulani zimene zachitika ndi zimene mwawonjezerapo. Chachitika n'chakuti uthenga wawerengedwa ndipo sunayankhidwe. Zotsalazo, zakuti akundinyoza, akandifuna amandipeza, anthu onse ndi otero, ndine wopusa kumukhulupirira, zonsezi ndi ziganizo zimene mwalemba nokha n'kuzisainira musanaziwerenge. Mkwiyowo ukuchokera m'ziganizozo. Umboni wake ndi wosavuta: mukamva madzulo kuti mwana wake anali m'chipatala, mkwiyo umazilala nthawi yomweyo, chonsecho maola aja osayankha sanasinthe. Chasintha ndi chigamulo.

Marcus Aurelius ankadzikumbutsa kuti asawonjezere kanthu pa zimene wauzidwa poyamba. Wamva kuti uje akukunena, chabwino, wamva zimenezo. Koma zakuti wavulazidwa sunauzidwe. Epictetus ankaphunzitsa kuti ganizo likabwera mwamphamvu, uliimitse pakhomo n'kuliuza kuti dikira kaye, ndione kuti ndiwe yani ndipo ukunena za chiyani.

Anthu ambiri amaganiza kuti Msitoiki ndi munthu wosamva kanthu, wa nkhope yamwala. Nkhani ina yosimbidwa ndi Aulus Gellius, mlembi wa m'zaka za m'ma 100 AD, imatsutsa zimenezi. Gellius anali m'chombo pamene namondwe anawomba, ndipo m'chombomo munali mphunzitsi wina wotchuka wa Asitoiki. Poyang'ana anaona mphunzitsiyo nkhope itatuwa ndi mantha, ngakhale sankakuwa monga anzake. Nyanja itadekha anamufunsa, ndipo mphunzitsiyo anatulutsa m'thumba buku la Epictetus n'kumuonetsa pamene akufotokoza kuti kudzidzimuka koyamba sikusankhidwa, kumagwira wanzeru ndi wopusa yemwe. Kusiyana kwawo kumabwera pambuyo: wopusa amavomereza kuti zimene mantha akunena n'zoona, wanzeru amakana kusainira. Seneca anafotokozanso chimodzimodzi za mkwiyo. Pali kugunda koyamba kwa mtima, komwe kuli ngati kuphethira wina akakuloza chala m'diso. Kenako pamabwera ganizo lakuti ndalakwiridwa, ndiyenera kubwezera. Pomaliza mkwiyo umalanda chiwongolero ndipo sumvanso za wina. Mpata wochitapo kanthu uli pa sitepe yachiwiriyo, ndipo ndi waufupi. N'chifukwa chake Seneca ankati mankhwala aakulu a mkwiyo ndi kuchedwa. Sankapempha kuti ukhululuke pomwepo, koma kuti uyambe wadikira.

Mfundo imeneyi inalowa m'chipatala chenicheni m'zaka za m'ma 1900. Albert Ellis, katswiri wa zamaganizo wa ku New York, anayambitsa mu 1955 njira yothandizira anthu pofufuza zikhulupiriro zimene zimakhala pakati pa chochitika ndi mmene munthu akumvera, ndipo ankatchula Epictetus poyera monga gwero lake. Aaron Beck wa pa yunivesite ya Pennsylvania anapeza zofanana m'ma 1960 pothandiza odwala matenda ovutika maganizo, ndipo naye anavomereza kuti mizu ya njira yake ili kwa Asitoiki. Kuchokera kwa awiriwa kunabadwa chithandizo chotchedwa CBT (Cognitive Behavioural Therapy), chomwe lero ndi chimodzi mwa zithandizo zofufuzidwa kwambiri pa nkhawa ndi kuvutika maganizo. Wodwala amalemba chochitika, ganizo lomwe linabwera lokha, umboni woligwirizira ndi umboni wolitsutsa. Epictetus akanalizindikira pepala limenelo. Ndipo si Agiriki okha anaona zimenezi. M'zolemba zakale za Chibuda muli fanizo la munthu wolasidwa mivi iwiri: woyamba ndi ululu weniweniwo, wachiwiri ndi kudandaula ndi kudzizunza kumene munthu amawonjezera yekha.

M'mawa ndi madzulo

Zochita zawo za tsiku ndi tsiku n'zosavuta kufotokoza. Marcus, amene zolemba zake zinali za iye mwini ndipo zina anazilembera kumisasa ya nkhondo kufupi ndi mtsinje wa Danube, ankayamba tsiku podziuza kuti lero akumana ndi anthu olowerera za eni, osayamika, odzikuza, achinyengo ndi ansanje. Epictetus ankati ukamapita kumalo osambira a anthu onse, yamba wakumbukira zochitika kumeneko: ena akuwaza madzi, ena akukankha, ena akutukwana, ena akuba zovala. Ndiye udziuze kuti ukufuna ziwiri, kusamba komanso kusunga mtima wako m'malo. Choyamba chikalephereka, chachiwiri chilipobe. Ikani mdipiti wa magalimoto, mzere wautali wa ku ofesi kapena msonkhano wokhala ndi bwana wovuta m'malo mwa kosambirako, malangizowo sasintha. Mkwiyo wambiri umabadwa m'kudabwa, ngati kuti dziko linatilonjeza kuti lero anthu onse akhala aulemu.

Anthu ena amaopa kuti kuganiziratu zoipa kumawonjezera nkhawa, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Seneca yemweyo analembera mnzake Lucilius kuti timavutika kwambiri m'malingaliro kuposa m'zochitika zenizeni. Kusiyana kuli pa kachitidwe. Nkhawa imazungulira pamalo amodzi, imafunsa kuti nanga zikachitika, n'kuima pomwepo, n'kuyambiranso. Kukonzekera kwa Asitoiki kumapitiriza funsolo mpaka kumapeto: ntchito ikatha mwezi wamawa, sabata yoyamba ndichita chiyani, ndilankhula ndi ndani, ndingachepetse chiyani, n'chiyani chimene sichingachoke? Kumakhala ndi nthawi yoyambira ndi yothera. Chakudza sichiimba ng'oma, koma munthu amene anayendapo kale njirayo m'maganizo sagwa mphwayi chikafika. Ngati mwayesa n'kuona kuti mukungozungulira, ndiye kuti mwalowa m'nkhawa wamba, ndipo ndi bwino kusiya.

Seneca anapitirira pamenepo. Ankalangiza kuti munthu azipatula masiku angapo akudya zochepa zosakoma ndi kuvala zokhakhala, n'kumadzifunsa ngati izi ndi zomwe ankaziopa zija. Kunena zoona, langizoli ndi la anthu okhuta. Wosauka safunika kuyeserera umphawi. Komabe kwa amene mantha otaya zimene ali nazo amamugwadiritsa pamaso pa aliyense, lili ndi ntchito.

Cha madzulo ndi chimene ine ndimachiona chaphindu kuposa zonse, ndipo Seneca anachifotokoza moti umachita kuchiona. Nyale ikachotsedwa, mkazi wake, podziwa chizolowezi cha mwamuna wake, n'kukhala chete, iye ankabwereza tsiku lonse osadzibisira kanthu. Pa mtsutso uja unalankhula mwaukali. Uje unamudzudzula mopitirira, m'malo momukonza unangomupweteka. Kenako ankadziuza kuti ndakukhululukira, koma usadzabwerezenso. Mbali yomalizayi anthu amaiiwala, chonsecho ndi imene imasiyanitsa kudzifufuza ndi kudzizunza. Chizolowezichi anachitengera kwa mphunzitsi wina dzina lake Sextius. Ku China, wophunzira wa mphunzitsi wotchuka Confucius wotchedwa Zengzi ankachitanso zofanana zaka mazana angapo m'mbuyomo, kudzifunsa tsiku lililonse ngati wagwirira ena ntchito mokhulupirika, ngati wakhala woona kwa anzake, ndi ngati wachita zimene anaphunzitsidwa.

Kodi si kungogonja kumeneku?

Ili ndi dandaulo lalikulu, ndipo mbiri imaliyankha bwino kuposa mfundo. Epictetus ankakonda kusimba za Helvidius Priscus, wa m'nyumba ya malamulo ya Aroma. Mfumu Vespasian inamuuza kuti asabwere ku msonkhano. Iye anati mfumu ili ndi mphamvu yomuchotsa pa udindo, koma malinga akadali pa udindowo ayenera kubwera. Mfumu inati bwera koma ukhale chete. Iye anati musandifunse maganizo, ndikhala chete. Mfumu inati mwambo umafuna kuti ndikufunse. Iye anati ndiye ndinena chimene ndikuona kuti n'cholungama. Mfumu itamuopseza ndi imfa, anayankha kuti kupha ndi mbali yanu, kufa osanjenjemera ndi mbali yanga. Pambuyo pake anathamangitsidwa n'kuphedwa. Munthu ameneyu ankadziwa kuti zochita za mfumu sizili m'manja mwake, ndipo kudziwa komweko n'kumene kunamumasula kuti alankhule. Amene amatseka pakamwa ndi uja amaona udindo, malipiro ndi mbiri ngati zinthu zoti sangakhale popanda izo.

M'nthawi yathu, James Stockdale, woyendetsa ndege yankhondo wa ku America amene anawerenga Epictetus pa yunivesite ya Stanford, anagwetsedwa ku North Vietnam mu 1965 n'kukhala mkaidi mpaka 1973. Sanangokhala phee kudikira. Monga wamkulu pakati pa akaidi anzake, anakonza malamulo owathandiza kupirira mazunzo ndi kugwirizana, ndipo nthawi ina anadzivulaza nkhope kuti asamugwiritse ntchito pa kanema wokopa anthu.

Chinanso chimene amachidula ogawa mawu achidule aja ndi mathero a ndime ya m'mawa ya Marcus. Atatchula anthu ovuta onse aja, sakuti uwapewe. Akuti iwo ndi abale ake, amalakwa chifukwa chosazindikira chabwino ndi choipa, ndipo anthu tinabadwira kugwirira ntchito limodzi monga mapazi, manja, zikope ndi mano akumwamba ndi akunsi. Chilungamo chinali chimodzi mwa makhalidwe anayi aakulu a Asitoiki, pamodzi ndi nzeru, kulimba mtima ndi kudziletsa. Epictetus ankati chinthu chilichonse chili ndi zogwirira ziwiri, china chonyamulika, china chosanyamulika. M'bale wako akakulakwira, usagwire poti wandilakwira, pamenepo sunganyamulire. Gwira poti ndi m'bale wanga, tinakulira limodzi. Munthu amene waphunzira Chisitoiki n'kusiya kusamala za anthu waphunzira chinthu china.

Pamene nzeruzi zimaperewera

Sikuti zonse zimamezeka. Epictetus ankati ukamapsompsona mwana wako, uzidzikumbutsa kuti ukupsompsona munthu woti adzafa, kuti akadzafa usadzasokonezeke. Tingamvetse chifukwa chake: m'nthawi imeneyo ana ambiri ankafa ali aang'ono, ndipo Marcus ndi mkazi wake Faustina anaika m'manda ana awo angapo. Kukumbukira kuti okondedwa athu si amuyaya kumathandizadi kuti tisawatenge ngati zinthu wamba. Koma mbali yakuti usadzasokonezeke, ine sindiikhulupirira, ndipo sindikuona kuti ndi yosiririka. Seneca naye sanaikwanitse. M'kalata ina yotonthoza Lucilius anavomera kuti mnzake Serenus atamwalira analira mopitirira muyeso, ndipo langizo limene anapereka n'lofewa: maso asaume, komanso asasefukire.

Aristotle, mfilosofi wa ku Greece amene anamwalira mu 322 BC gulu la Zeno lisanayambe, anali atanena kale zimene Asitoiki ankazikana, kuti khalidwe labwino palokha silikwanira kuti moyo ukhale wabwino. Munthu amafunikanso thanzi, abwenzi ndi kangachepe kokhalira, ndipo wonena kuti munthu wozunzidwa ndi wodala bola akhale wolungama akungolankhula. Pa mkwiyo ankatinso aliyense angakwiye, n'zosavuta, koma kukwiyira munthu woyenera, pa mlingo woyenera, nthawi yoyenera ndi pa chifukwa choyenera ndiye ntchito. Seneca anamutsutsa kuti mkwiyo uli ngati msilikali wosamva lipenga lobwerera: ukamvera nzeru ndiye kuti si mkwiyonso, ukapanda kumvera ndi wangozi. Mtsutsowu sunathe mpaka lero. Amene anaonapo anthu oponderezedwa akudzuka chifukwa chakuti zawakwana angagwirizane ndi Aristotle. Amene anatumizapo uthenga wa ukali pakati pa usiku n'kuuwerenganso m'mawa angagwirizane ndi Seneca.

Pali vuto linanso. Chiphunzitso chonena kuti mtendere uli mumtima n'chokoma kwambiri m'makutu a amene akupindula ndi mavuto a ena. Seneca analemba kalata yokoma yolimbikitsa kuchitira akapolo ulemu monga anthu anzathu, koma sananene kuti ukapolo uthe, ndipo Marcus, amene anali ndi mphamvu zonse, sanauthetse. Seneca yemweyo ankatamanda moyo wosalira zambiri ali ndi chuma chimene mdani wake wina, malinga ndi wolemba mbiri Tacitus, anati chinafika masesitesi (ndalama za Aroma) 300 miliyoni m'zaka zinayi zokha za ubwenzi wake ndi Nero. Lero bwana wochulukitsa ntchito n'kuchepetsa antchito angakonde kuti onse aphunzire kulamulira maganizo awo m'malo mofunsa mafunso. Muyeso wabwino ndi kuona amene akulankhula. Munthu akadziuza yekha kuti izi sizili m'manja mwanga, ndi mankhwala. Akauzidwa mawu omwewo ndi amene zinthuzo zili m'manja mwake, ndi chinyengo.

Ndipo matenda ovutika maganizo ndi matenda. Munthu amene wakhala masabata osagona, osadya, osaona chifukwa chokhalira ndi moyo safunika kabuku ka Epictetus koma dokotala kapena mlangizi wophunzitsidwa. CBT imene ija imachitika ndi katswiri, mwadongosolo, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala.

Pa chinthu chimodzi Aristotle ndi Asitoiki ankagwirizana: khalidwe limabwera ndi kuchita. Aristotle ankati munthu amakhala mmisiri womanga pomanga, woimba zeze poimba zeze, wolungama pochita zolungama. Epictetus ankati nthawi iliyonse ukapsa mtima sikuti wangolakwa lero lokha, wathiranso nkhuni pa chizolowezicho. Ankalangiza kuwerenga masiku amene sunakwiye: kale ndinkakwiya tsiku lililonse, tsopano ndimadumpha tsiku, kenako masiku atatu kapena anayi, ndipo ukafika masiku 30 ukapereke nsembe yothokoza. Ankanenanso kuti uyambire pa tinthu ting'onoting'ono, mafuta atayika, kavinyo kabedwa, osati pa maliro.

Liwiro lake tingalione kwa Marcus. Anayamba filosofi ali mnyamata, ndipo mphunzitsi wake Junius Rusticus ndi amene anamubwereka zolemba za Epictetus. Zolemba zake zomwe tili nazo anazilemba ali ndi zaka za m'ma 50, ufumu uli pa nkhondo komanso mliri umene unayamba cha mu 165 ukupha anthu. M'menemo akudzikalipirabe chifukwa chovutika kudzuka m'mawa, akudzikumbutsabe kuti asamale za kutamandidwa, ndipo nkhani ya mkwiyo imabwera mobwerezabwereza, mpaka pena anandandalika mfundo khumi zoti azikumbukira anthu akamukwiyitsa. Pa mndandanda wa zinthu zimene ankathokozera milungu anaikapo chakuti ngakhale Rusticus yemweyo ankamupsetsa mtima kawirikawiri, sanamuchite chilichonse choti n'kudzanong'oneza nacho bondo.